Kusamala Mbale Wodwala Multiple Sclerosis: Malangizo kwa Mabanja a m'Mbali mwa Nyanja ku Nkhotakota

Mawu Oyamba

Makolo athu amene anakhala m'mbali mwa nyanja ino, kuyambira ku Dwambazi kufikira ku Chia ndi ku Benga, poona kuti munthu amene dzulo anali kupalasa bwato ndi kukoka khoka lero alephera kunyamula chikho cha madzi, anatisiyira mawu akuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Kabuku aka talembera mabanja amene pakhomo pawo padza nthenda yofoola ziwalo imene madokotala aitcha multiple sclerosis, kapena mwachidule MS, yomwe ilibe dzina m'Chichewa popeza kwathu kuno siioneka kawirikawiri; komatu malangizo ambiri ali munowa adzathandizanso iwo amene asamala munthu wakufa ziwalo ndi sitiroko, kapena wovulala msana, pakuti ngakhale nthenda zisiyana magwero, mphasa yogonapo wodwala, njira ya kuchimbudzi ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala ndi zimodzimodzi kwa onse.

1. Nthendayi n'njotani

Ubongo wa munthu utumiza mauthenga ake ku maso, ku manja, ku miyendo ndi ku chikhodzodzo kupyolera m'mitsempha, ndipo yambiri ya mitsemphayo itsikira m'kati mwa fupa la msana. Mitsempha yambiri ili ndi chikuto cha mafuta, monga waya wa magetsi a sola avala pulasitiki; tsono m'nthendayi asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndiyo kulimbana ndi tizilombo todwalitsa, asokonezeka nayamba kudya chikutocho mu ubongo ndi mumsana, ngati khoswe wotafuna waya wa m'nyumba momwe agona, kotero kuti uthenga uchedwa panjira, kapena ufika wosamveka, kapena sufika n'komwe. Pamalo podyedwapo patsala chipsera cholimba, ndipo dzina la nthendayi litanthauza zipsera zambiri.

Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye anailongosola bwino m'chaka cha 1868. Chiwerengero cha m'chaka cha 2020 chinasonyeza kuti odwala nthendayi pa dziko lonse ali pafupifupi 2.8 miliyoni, ochuluka ali m'maiko ozizira a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America. Kawirikawiri iyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo pa odwala atatu alionse, awiri kapena kuposerapo ndi akazi. Siipatsirana, kaya podyera mbale imodzi, kaya pogona m'banja; siichokera kwa mfiti, ndipo si chilango cha tchimo la munthu kapena la makolo ake.

Zizindikiro zake ndi izi: dzanzi kapena kunyerenyesa m'manja ndi m'miyendo, diso limodzi kuona mwachimbuuzi ndi kupweteka poliyendetsa, kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri, kudzandira poyenda ngati woledzera, miyendo kulemera ndi kuuma, mkodzo kufulumira kapena kukana kutuluka, ndiponso kutopa kwakukulu kumene tulo sitikuchotsa. Chimene chisokoneza mabanja koposa ndicho chakuti mwa odwala ambiri, monga 85 pa 100 alionse, nthendayi poyamba idza ndi kupita: igwira munthu masiku kapena masabata, kenaka imleka miyezi kapena zaka, ndipo abale, poona amene anali chigonere mwezi watha lero ali kusesa pabwalo, ayamba kunong'onezana kuti ankachita dala. Mawu otere apweteka wodwala kuposa dzanzi lomwe.

2. Musatchule nthenda dokotala asanaone

Popeza nthendayi njosowa m'dziko lathu, munthu wa kunyanja akayamba kufooka miyendo, choyamba kuganizira chikhale nthenda zina zofala kuno, zimene zambiri mwa izo zichizika zikapezeka msanga. Likodzo, limene tonse tilidziwa ndi mkodzo wa magazi, nthawi zina litaya mazira ake m'mitsempha ya mumsana ndi kupha miyendo, ndipo mankhwala ake a praziquantel apezeka m'zipatala zathu. Chifuwa chachikulu cha TB chitha kudya mafupa a msana. Kachilombo ka HIV, chindoko, nthenda ya shuga ndi kuperewera kwa vitamini B12 nazonso zifoola mitsempha. Ife odya kondowole tikumbukirenso konzo, nthenda youmitsa miyendo mwadzidzidzi, imene igwira anthu odya chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, monga zinachitikira m'chigawo cha Nampula ku Mozambique pa chilala cha 1981. Chotero chinangwa chisendedwe, chiviikidwe masiku atatu kapena kuposerapo kufikira chitafewa ndithu, ndi kuyanikidwa mpaka kuuma, ngakhale njala itafika pakhomo.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, monga ku Nkhunga, ku Ngala kapena ku Benga, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu; kuchokera apo adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Nkhotakota, kapena mutha kupita ku chipatala cha mishoni cha St Anne's, ndipo akaona kuti nthenda ifuna akatswiri, adzakulemberani kalata ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Nthenda ya MS itsimikizika ndi makina ounika ubongo ndi msana otchedwa MRI, ndipo nthawi zina ndi kuyeza madzi a mumsana. Njirayi njaitali, ndipo idya ndalama ndi masiku, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Sungani bwino buku la kuchipatala, ndipo m'kope lina lembani tsiku limene chizindikiro chilichonse chinayamba ndi limene chinatha, pakuti dokotala adalira mbiri yotereyi monga adalira makina.

Mankhwala ochiziratu nthendayi sanapezeke. Alipo ochepetsa kubwerera kwake, koma ngokwera mtengo ndi ovuta kuwapeza m'maiko athu ano. Alipo ena, monga prednisolone ndi anzake, amene dokotala apereka masiku owerengeka pofupikitsa nthawi imene nthenda yauka, ndipo amenewa musawagule nokha pamsika, popeza akamwedwa nthawi yaitali mosayang'aniridwa adzetsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufooka kwa mafupa. Chenjeraninso ndi aliyense wolonjeza kuchiza msanga mukapereka mbuzi kapena ndalama zambiri, chifukwa nthenda yodzileka yokha kwa kanthawi ipatsa ulemu wabodza kwa iye amene anatemera mphini pomaliza.

3. Kutentha ndiye mdani wa pakhomo

M'chaka cha 1890 dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba za odwala amene maso awo ankachita mdima akagwira ntchito yolemetsa, ndipo lero tidziwa kuti mtsempha wosendeka chikuto ulephera kutumiza uthenga thupi likatentherako ngakhale theka la digiri imodzi. Ife a ku Nkhotakota, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kupitirira madigiri 30 ndipo mchenga wa kugombe uwotcha mapazi, tiyenera kusamala mawu awa koposa anthu a kumapiri a ku Ntchisi ndi ku Dedza. Kufooka kodza ndi kutentha sikutanthauza kuti nthenda yakula. Thupi likazizira mphamvu ibwerera, nthawi zambiri ola lisanathe.

Chotero wodwala agwire ntchito zake mbandakucha kufikira dzuwa litakwera pang'ono, ndi madzulo litapendeka. Masana akhale pamthunzi wa mango kapena pakhonde lopita mphepo, atavala zopepuka, ali ndi chitenje chonyowa pakhosi ndi mtsuko wa madzi ozizira pambali pake. Nyumba ya malata yopanda siling'i itentha ngati uvuni, ndipo kuyala mphasa kapena bango kunsi kwa malata kuchepetsa kutenthako. Asakhalitse m'khitchini mofuka utsi pafupi ndi moto, ndipo madzi osamba akhale ozizira kapena ofunda pang'ono chabe. Akasupe otentha a ku Mawira, amene ambiri awatama pa nyamakazi ndi kuphwanya kwa thupi, wodwala MS asaloweko konse, pakuti atha kufookera m'madzi momwemo.

Ena adzati, nanga nyanja si iyi, bwanji osakasamba kuti thupi lizizire? Madzi a m'mbali mwa nyanja, makamaka m'mabango ndi m'madambo a mpunga, ali ndi nkhono za likodzo. Ku mathiriro a mitsinje monga Bua kuli ng'ona. Ndipo munthu wa miyendo yosadalirika sangalimbane ndi mafunde a mwera. Mtungireni madzi a pamjigo, ndipo akakhala a kunyanja, agone m'ndowa masiku awiri asanasambe. Kumbukiraninso kuti malungo atenthetsa thupi koposa dzuwa; wodwala agone m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha akayezetse tsiku lomwelo.

4. Kugawa mphamvu ya tsiku

Mayi wanzeru, ufa ukachepa m'dengu, sauthira wonse mumphika wa masana, koma ayesa ndi chipande kuti ana asagone ndi njala. Mphamvu ya wodwala MS ili chimodzimodzi: adzuka nayo yoyezeka, ndipo akaitha yonse m'mawa pokatunga madzi ndi kusinja, madzulo alibe yosambira kapena yochezera ndi ana ake, ndiponso mawa lake alipira ngongole ya dzulo. Banja likhale pansi ndi kugwirizana ntchito ziwiri kapena zitatu zimene iye mwini aziona kuti n'zofunika, zotsalazo zigawidwe kwa ena. Apume asanatope, mphindi khumi kapena makumi awiri pakati pa ntchito ndi ntchito; chimene chichitika chokhala, monga kusenda chinangwa, kupeta mpunga, kutsuka mbale ndi kusamba, achichite atakhala pampando; katundu asasenze pamutu, koma amunyamulire pa njinga kapena pa wilibala.

Komanso musamlande ntchito zonse pomchitira chifundo, chifukwa munthu amene amuletsa kugwira kanthu afooka thupi ndi mtima womwe. Msodzi amene sangathenso kupita ndi anzake usiku ku chilimira atha kusoka maukonde pamthunzi, kuyang'anira usipa pa thandala, kuwerengera ndalama za nsomba, kapena kulemba m'komiti ya pagombe. Mayi atha kuluka mikeka, kugulitsa pa kaokala pakhomo, ndi kusunga buku la banki m'khonde. Wogwira ntchito yolembedwa, kaya ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, kaya kusukulu, kaya mu ofesi pa boma, atenge kalata ya dokotala ndi kupempha akuluakulu ake ntchito ya pamthunzi ndi nthawi yopuma, asanaganize zosiya ntchito.

5. Kukonza nyumba ndi bwalo

Kugwa ndiko kumene kugoneka pansi odwala ambiri amene akadayendabe, ndipo kugwa kwambiri kuchitika pakati pa bedi ndi chimbudzi. Njira imeneyi isalazidwe ndi kutsindiridwa, pakuti mchenga wotitimira utopetsa miyendo ndi kumiza ndodo. M'mbali mwake muzike mitengo ndi kumangapo nsungwi yogwirira yofika m'chiuno. M'chimbudzi ikani mpando wolimba wobowola pakati pamwamba pa dzenje, ndi mtengo kapena chingwe chogwirira podzuka, ndipo usiku pakhale ndowa yovundikira ndi tochi pafupi ndi pogona. Kubafa kukhale kampando ndi pansi posaterera. Bedi lofika m'mawondo liposa mphasa ya pansi, popeza kudzuka pansi kudya mphamvu yambiri. Chotsani zingwe, mipini ndi nsanza m'njira za m'nyumba, ndipo wodwala avale nsapato zogwira chidendene m'malo mwa patapata.

Ndodo kapena njinga ya olumala isachititse munthu manyazi, pakuti ndiyo imene idzamfikitsa kumsika, kutchalitchi ndi kumzikiti. Njingayo ikafunika, khomo likhale lotambalala masentimita 80 kapena 90, ndipo m'malo mwa masitepe muumbe chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono. Pokwera kabaza, wodwala amene adzandira akhale ndi womperekeza, kapena akwere galimoto.

6. Kusamala thupi tsiku ndi tsiku

Chiwalo chosayendetsedwa chiuma ndi kupindika. Kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo kukazizira, wodwala apinde ndi kuwongola mapewa, zigongono, zala, ntchafu, mawondo ndi akakolo, chilichonse kakhumi. Pamene alephera yekha, womsamala amthandize mofatsa, osakakamiza pamene papweteka. Mitengo iwiri yopingasa, yozikidwa bwino pabwalo motalikirana pang'ono, ikhala poyeserera kuimirira ndi kuyenda. Pemphani a mafizo kuchipatala kuti akuonetseni kachitidwe koyenera. Phindu lake silioneka sabata imodzi, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Palibe chakudya chimene chichiza nthendayi, ndipo musataye ndalama pa ufa ndi timabotolo togulitsidwa ndi malonjezo. Chimene Mulungu anatipatsa kuno n'chokwanira: usipa, utaka, chambo, nyemba, nsinjiro, chigwada chosinja ndi kuphika bwino, bonongwe, mapapaya, nthochi ndi mango. Kondowole wopanda masamba aumitsa m'mimba, ndipo kudzimbidwa ndi vuto la odwala ambiri. Amene atsamwa pomeza adye atakhala chowongoka, pang'onopang'ono, ndipo nsomba muzimchotsera minga. Fodya afulumizitsa nthendayi, ndipo kachasu awonjezera kudzandira. Zonse ziwiri zisiyidwe.

Odwala ambiri, poopa kudzikodzera pa anthu, aleka kumwa madzi, ndipo potero aitana nthenda ya m'chikhodzodzo, imene itenthetsa thupi ndi kudzutsa zizindikiro zonse. Amwe makapu 6 kapena 8 pa tsiku, ochuluka m'mawa ndi masana, ochepa pokagona; apite kukataya madzi maola awiri kapena atatu alionse, osadikira kuti apanikizike; ndipo tiyi achepetse. Ngozi ikachitika, msambitseni ndi kumsintha zovala mwakachetechete, osamkalipira pamaso pa ana.

Popeza khungu la dzanzi silimva kutentha kapena kupweteka, madzi osamba ayambe wawayesa munthu wina, ndipo wodwala asaothe moto pafupi m'nyengo ya mwera. Amene agonera pamodzimodzi atembenuzidwe maola awiri alionse, usana ndi usiku. Wokhala panjinga adzinyamule kapena kupendekera mbali kawirikawiri. Tsiku lililonse yang'anani m'matako, m'chiuno, m'zidendene ndi m'zigongono; mukaona malo osintha mtundu, otentha kapena olimba, asagonerepo kufikira atabwerera mwakale, pakuti chilonda cha pogona chiyamba ngati kadontho, koma chikakula chipha munthu amene nthenda yake yeniyeni sikadamupha.

7. Nthawi yothamangira kuchipatala

Musadikire kuti kuche kawiri mukaona chimodzi cha izi:

- chizindikiro chatsopano, kapena chakale chokula, chopitirira maola 24 munthu ali pozizira;
- diso kusiya kuona, kapena miyendo kufa mwadzidzidzi;
- mkodzo kukana kutuluka, kuwotcha, kununkha kapena kutuluka ndi magazi;
- kutentha thupi, kutsamwa pafupipafupi, kapena kubanika;
- chilonda cha pogona chotseguka;
- kamwa kupotoka ndi mawu kusamveka mwadzidzidzi, pakuti imeneyo itha kukhala sitiroko;
- wodwala kulankhula za kudzipha.

Pofuna uphungu muli kunyumba, imbani Chipatala cha pa Foni. Safunsa anadya phula.

8. Mtima wa wodwala, ukwati ndi mudzi

Nthendayi ikhudzanso maganizo: ena aiwalaiwala, ena akwiya msanga, ndipo ambiri agwidwa ndi chisoni chozama, chimene nachonso ndi nthenda yochizika ikanenedwa kuchipatala. Musamsiye wodwala yekha m'chipinda chamdima monga munthu wotayika. Mtulutseni pakhonde, mfunseni nzeru pa nkhani za munda ndi za ana, ndipo milandu ya pabanja isakambidwe iye kulibe. Ana auzidwe zoona m'mawu owayenera, ndipo aphunzitsidwe kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Komabe mwana wamkazi asasiyitsidwe sukulu kuti akhale mlezi wa kholo lake.

Kwa amuna ndi akazi apabanja tinena ichi: nthendayi siithetsa ukwati, ndipo siiletsa kubereka. Amayi ambiri apeza bwino ali oyembekezera, koma nthenda ikonda kuuka m'miyezi itatu yoyamba atachira, choncho agogo ndi alamu akonzekeretu kuthandiza nthawi imeneyo, ndipo za mankhwala mukambirane ndi dokotala mimba isanakhale. Zikavuta za m'nyumba, nenani kwa dokotala ndi kwa ankhoswe mosabisa, mwamuna asanayambe kuyang'ana kwina. Mwini mbumba aitanitse abale ndi kugawa masiku osamala wodwala, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo wosamala amene sagona, sadya, sapita kumunda kwake, posachedwa adzakhala wodwala wachiwiri. Amayi a mumpingo ndi amayi a Dawa, pokazonda, abwere ndi manja ogwira ntchito pamodzi ndi pemphero. Msilamu wodwala akambirane ndi shehe ndi dokotala za kusala m'mwezi wa Ramadan, popeza chipembedzo chomwe chimasula wodwala. Ndipo nyakwawa aletse msanga mchitidwe wolozana zala za ufiti, umene uphwasula mudzi nthenda ili chikhalire.

Thandizo lina lipezeka ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Nkhotakota, kumene mungafunse za Mtukula Pakhomo. Ku bungwe la boma loona za anthu olumala, limene ambiri alidziwa ndi dzina la MACOHA. Ku Malawi Against Physical Disabilities, amene athandiza pa mafizo ndi zipangizo zoyendera, ndipo ali ndi malo awo a Kachere ku Blantyre. Ndiponso ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu olumala, umene umenyera ufulu wawo. Pa 30 Meyi chaka chilichonse dziko lonse likumbukira odwala nthendayi, ndipo ndi tsiku labwino loti mudzi kapena mpingo uwerenge kabuku aka pamodzi.

Mawu Otsiriza

Odwala MS ambiri akhala zaka makumi ambiri chiyambire nthenda yawo, nalera ana ndi kuona zidzukulu, ndipo chimene chisiyanitsa wokhala bwino ndi wovutika kawirikawiri ndicho mthunzi, madzi akumwa, njira yosalala ya kuchimbudzi, ndi abale omkhulupirira akanena kuti watopa. Inu amene mwawerenga kufikira pano, musadikire kuti zonse zipezeke tsiku limodzi: lero lomwe dulani nsungwi ya chogwirira, mawa mukatenge mpando wa kuchimbudzi kwa kalipentala, ndipo mukatero mukambwereke mnansi wanu kabukuka, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.